Dzanja Limene Ndinakana ku Senga Bay

Ku Chipoka kumene ndinakulira, masewero odziwika anali a bawo, ndipo anali a phokoso. Pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi njanji, awiri ankasewera, ena onse n'kumalalata. Woonerera ankaloza, kunyogodola, mwinanso kutola yekha nkhomo n'kuyamba kutakata m'malo mwa mwini wake. Ababa anali makaniko wa mainjini a maboti, manja awo akuda ndi oilo chaka chonse, ndipo pamtengopo mawu awo ndiwo ankamveka patali kuposa a wina aliyense. Ndi iwo anandiphunzitsa bawo pakhonde pathu, Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.

Chesi inabwera ndi aphunzitsi a Mhango, amene boma linawatumiza pasukulu pathu kuchokera ku Rumphi. Anali munthu woonda, wa taye ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Bolodi lawo linali lapulasitiki, lopinda ngati mkeka, ndipo hatchi imodzi inatayika kalekale, m'malo mwake tinkaikapo chitsekerero cha botolo. Ana ambiri anayamba nawo, koma ataona kuti ndi masewero okhala duu osayankhula, anathawira ku mpira. Ine ndinatsalira. Ndipo ndisakubisireni, ndinali woopsa. Pofika Sitandade 7 panalibe mnyamata pasukulupo wofuna kukhala kutsogolo kwanga, onse ndinali nditawadya mpaka kuwatopetsa.

Chaka chimenecho mpikisano wa matimu a dziko lonse unabwera kwathu konkuno, m'holo ya hotela ina ku Senga Bay. Timu iliyonse inkakhala ndi anthu anayi, aliyense bolodi lake, kenako mapointi n'kuphatikiza. Wopambana ankatenga pointi yathunthu, olepherana ankagawana theka theka. M'timu yathu munali a Mhango, adokotala a pachipatala chathu chaching'ono, ndi mkulu wina wa ku njanji. Mkangano unali pa mpando wachinayi. A Chikuse, kalaliki wa ku doko, ankati mpandowo ndi wawo kuyambira kale. A Mhango atawauza kuti asewere ndi ine tione wodziwa, iwo anakana kwa mtuwagalu, amvekere: “Ine sindisewera ndi kamwana kovala yunifolomu.” A Mhango anasankha ine. A Chikuse anapita nawo monga wapadera, kudikira kuti ndiphonye.

Tinanyamuka m'mamawa pa lole yonyamula usipa. Fungo lake linatilowa m'zovala moti tinakafika ku hotela amphaka akutitsatira. Kumbuyo kwa lole kunadzaza anthu a bawo, ababa ali pakati, atavala malaya awo oyera a ku tchalitchi. Palibe mmodzi mwa iwo amene ankadziwa mmene hatchi imayendera, koma onse ankati akupita kukachemerera timu.

Holoyo inali yozizira, pansi poterera, matebulo atandandalika mizere. Munali zii, kumangomveka mawotchi owerengera nthawi ya osewera, tapu, tapu. Anthu athu analowa ndi mapokoso awo, ndipo sipanatenge nthawi. A Jafali, mnzawo wa ababa, anaima kumbuyo kwa adokotala, kuyang'ana pang'ono, basi n'kukuwa kuti, “Idyani kameneko, adokotala! Mukudikira chiyani?” Woyang'anira mpikisano anabwera akuthamanga, gulu lonse n'kulitulutsa. Anakaunjikana panja pa mazenera, mphuno zili pagalasi, akung'ung'udza kuti masewero anji oletsa munthu kuthandiza mbale wake.

M'mawa umenewo ndinakumana ndi mnyamata wa sekondale wa ku Lilongwe. Ndinamudya mosavuta, mpaka anatuluka osanditsanzika. Masana tinakumana ndi timu ya ku Zomba, ndipo kutsogolo kwanga kunakhala bambo wachikulire, imvi zili mbuu, jekete ya bulauni, akununkhira mankhwala opaka a nyamakazi. Tinapatsana moni monga mwa lamulo, n'kuyamba. Ankasewera bwino mdalayo, koma ankandiderera. Anatumiza mfumukazi yake patali kukasaka zakudya, ine ndinaitsekera njira zonse zobwerera, n'kuidya. Kuyambira pamenepo ntchito inali yongomaliza.

Mdalayo anayang'ana bolodi nthawi yaitali. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi mpango, n'kuwavalanso. Kenako anamwetulira, nati motsitsa mawu, “Mwana wanga, wasewera bwino. Tilepherane basi, tikapume.” Anatambasula dzanja pamwamba pa bolodi.

Musaganize kuti sindinamve. Ndinamva bwinobwino, ndipo ndinkadziwa kuti kugwira dzanja limenelo ndi kuvomera theka la pointi pamene yonse inali yanga. Koma kwathu dzanja la munthu wamkulu silikhala m'malere. Ukangoliona, umadzuka, lamanja kutsogolo, lamanzere litagwira pamkono, mawondo n'kupinda. Amayi anali atandikoka khutu chifukwa cha zimenezi kuyambira ndisanayambe sukulu. Ndiye mutu ukuti ayi, thupi linali litadzuka kale. Ndinalandira dzanjalo ndi manja awiri, mpaka kunyonyomala pang'ono. Mdalayo anati, “Zikomo, waleredwa bwino,” n'kuimitsa wotchi.

Mabolodi ena atatha, kunapezeka kuti timu yathu yagonja, ndipo chimene chinasowa kuti tifanane nawo a ku Zomba chinali theka lomwe lija. A Mhango anagwira kumutu. “Zione, wachita chiyani iwe?” Sanakalipe, ndipo kusakalipako ndiye kunandiwawa kwambiri.

Bwalo lenileni linakakhala panja, pachiwaya cha tchipisi kunja kwa geti. Abale inu, sindinaonepo anthu akukangana chotero pa masewero amene sakuwadziwa! A Jafali anali atakwiya mpaka kapu yawo yapendekeka. “Walahi, mdala uja ndi wakuba! Wabera mwana dzuwa likuswa mtengo!” Mayi wina wogulitsa nthochi, amene sanalowe n'komwe m'holomo, anati mwanayo wachita bwino, ulemu sugulidwa pamsika, ndipo pointi sadya. Wa tchipisi anati akanakhala iyeyo akanangoyang'ana kumbali ngati sakuona. Wina anati vuto ndi woyang'anira uja, akanawalola kukhala m'kati zimenezi sizikanachitika. Nkhani inakula mpaka anthu a matimu ena anabwera kudzamvera, mbale za tchipisi zili m'manja.

A Chikuse anadikira kuti phokoso litsike. “Ndinanena ine. Timu si sukulu ya mkaka. Mawa akakumananso ndi waimvi, amupatsanso. Ndipatseni mpando wanga.”

Ine ndinali nditakhala pamwala chapatali, nditalumbira kuti a Chikuse saona misozi yanga. Chimene chinandidabwitsa chinali ababa. Munthu amene pa bawo sankatseka pakamwa, tsiku limenelo anangokhala chete, akuchotsa oilo m'zikhadabo ndi kamtengo ka machesi. A Mhango ndiwo anadula mlandu. Anati masewero omaliza a mawa asewera Zione. Akabwera ndi pointi yathunthu, mpando ndi wake. Akapanda kutero, ndi wa a Chikuse, ndipo nkhani yatha mpaka kale. Ndinadziwa tanthauzo lake. Ku Chipoka kunalibe kwina kosewerera chesi, bolodi linali limodzi, timu imodzi.

Tinagona m'kalasi pasukulu ina ya pafupi. M'mawa tikuyenda wapansi kupita ku holo, ababa anatsalira m'mbuyo dala kuti tiyende awiri. Tinadutsa pa matandala oyanikapo nsomba, amayi akutembenuza usipa, ntchentche zili ng'waa. Kenako ababa anati, “Zadzulo zija wolakwa ndine ndi amayi ako. Tinakuphunzitsa kulandira dzanja, koma sitinakuuze kuti manja ndi osiyana. Lija silinali la moni, linali lopempha. Wopempha umatha kumuuza kuti pepani, palibe. Bola umuuze mwaulemu.” Anathera pomwepo, n'kuyamba kudandaula za nsapato zimene zinkawathina.

Mbiri yanga inali itafika kale m'holomo. Ndikulowa ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti, “Ndi kameneko kamtsikana kaulemu kaja.” Tinakumana ndi timu ya ku Blantyre, ndipo pabolodi langa panakhala bwana wina wonenepa, wa suti, amene anaika makiyi a galimoto patebulo pafupi ndi wotchi kuti aliyense awaone. Ndinamugwira dzanja poyamba ndi manja awiri, monga ndinaleredwera. Kenako ndinamukhalira pakhosi. Tsiku limenelo ndinasewera ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo unandiyanja. Ndinamudyera hatchi, n'kumuphwasulira asilikali otchinga mfumu yake. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwake ngakhale m'holomo munali mozizira.

Ndinkadziwa kuti zibwera, ndipo zinabweradi. Anakankhira mpando m'mbuyo, kutambasula dzanja lake lalikulu, lokhala ndi mphete, n'kunena mokweza kuti oyandikana amve, “Tilepherane, mwana.”

Dzanja langa lamanja linayamba kunyamuka lokha, ndinachita kulibweza n'kulikhalira. Manja onse awiri ndinawapanikiza pansi pa ntchafu. Ndinaweramitsa mutu, nditayang'ana bolodi, n'kunena kuti, “Pepani bambo, tipitirize.”

Sanabweze dzanjalo. Analisiya pomwepo, likulendewera pamwamba pa bolodi, anthu a matebulo oyandikana atasiya zawo n'kumationa. “Ukundikanira dzanja ine? Mwana wopanda mwambo! Makolo ako ali kuti?”

Ndinamva manyazi mpaka m'makutu munatentha. Ndikanakhala ndekha, mwina ndikanaligwira. Koma pazenera panamveka mawu aja omveka kuyambira ku njanji mpaka ku doko:

“Ndili pano, bwana! Mwanayo ndi wanga! Sewerani!”

Holo yonse inafa nacho chiseko. Woyang'anira anatuluka liwiro kukawathamangitsira ababa kunja kwa geti, a Jafali akuwatsatira m'mbuyo n'kumakuwa kuti amange onse ngati akufuna. Bwana uja anabweza dzanja lake pang'onopang'ono, n'kuliika m'thumba. Tinapitiriza. Sindinathamange, ndinayenda mosamala, khomo lililonse ndikutseka, mpaka mfumu yake inasowa kolowera. Pamenepo ndinadzuka ndine, n'kumupatsa dzanja, lamanzere litagwira pamkono, mawondo atapinda. Analigwira ndi nsonga za zala, n'kutola makiyi ake.

Chikho sitinatenge, chinapita ku timu ina ya mumzinda. Ife tinathera chapakati, koma mukanaona lole pobwerera mukanati tabwera nacho. Anaimba njira yonse kudutsa pa Salima, ndipo mkangano wa zotsatira unapitirira kwa masabata pansi pa mango paja. A Jafali ankafotokoza masewero anga ngati anasewera ndi iwo, akusonyeza ndi nkhomo za bawo. Ngakhale a Chikuse anayamba kuuza anthu kuti iwo anaona kalekale kuti mwanayu ali ndi mutu. Mpando wachinayi unakhala wanga mpaka ndinapita ku sekondale.

Masiku ano zasintha. Mpikisano wa matimu ukamachitika, zotsatira zimatipeza pafoni masewero asanazizire, ndipo bwalo la pachiwaya linasamukira m'magulu a pafoni momwemo. Kukangana kwake n'komwe kuja, ndipo olalata kwambiri ndi omwe aja osadziwa mmene hatchi imayendera. Ana amene ndimawaphunzitsa Loweruka, atsikana ndi anyamata, wamkulu akawapempha kulepherana amangopukusa mutu n'kusuntha kanthu kawo, mtima uli m'malo. Anzanga ena amati ulemu unatha. Ine ndimakana. Ana omwewo akamaliza amadzuka, n'kupereka moni ndi manja awiri.

Koma pali chimene pa lole paja palibe wina amene anachimva. Anthu akuimba, ababa anasendera pafupi nane, mphepo ikuwakupiza malaya. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akundiona koyamba.

“Zione, tandiuza zoona. Pa bawo paja pakhonde, nanenso umandisiyira?”

Ndinayang'ana pansi. “Nthawi zina, ababa.”

“Nthawi zina?”

“Nthawi zambiri.”

Anapumira m'mwamba, n'kuyang'ana kumbali. Ndinaopa kuti ndawachititsa manyazi. Kenako anati, “Lamulungu likubwerali usandisiyire.”

Sindinawasiyire. Ndinawadya mpaka mzere wawo wakutsogolo unatsala mbee. Anakhala pakhondepo akuyang'ana bawolo mpaka amayi anawaitanira chakudya, osapita. Kenako anavala nsapato zothina zija, n'kulunjika ku mtengo wa mango. Ndili m'nyumba ndinawamva akukuwa kutali, “Jafali! Bwera udzamve zimene wandichita mwana wanga!”