Ulusi wa a Chidendene

A Chidendene asoka nsapato pakhonde la sitolo ya utoto kwa zaka makumi atatu, moti dzina lawo lenileni ngakhale eni sitolo analiiwala. Akamakupatsa moni maso amakhala kumapazi ako. Nkhope amaiwala, koma phazi ayi.

N'chifukwa chake iwo ndiwo anayamba kuona kuti akazi awo sali bwino. Nsapato zakuda zimene anawasokera ndi manja awo zinayamba kukana kulowa. Kuchipatala anati mtima wafooka, impso nazo zatopa, madzi akudzaza m'thupi.

Dokotala wa mtima ankaona odwala Lolemba, m'chipinda cham'mwamba. Wa impso Lachinayi, pansi. Wa mtima akawonjezera mapiritsi okodzetsa, mapazi ankaphwa, koma mayi ankachita chizungulire, ndipo magazi ankaonetsa kuti impso zikuvutika. Wa impso akadula mzere pa zimene mnzake walemba n'kuchepetsa mapiritsiwo, mapazi ankatupanso, mayi n'kumapuma mwabefu ali chikhalire. Anthu awiri ophunzira bwinobwino, koma kucheza kwawo kunali kofufutirana m'kabuku ka wodwala basi!

A Chidendene zinawapweteka mtima, ndipo ankaopa kuti mayiwo awasiya. Koma si munthu waphokoso. M'mawa uliwonse ankagwada, kuzunguliza ulusi wosokera nsapato pakakolo pa akazi awo, n'kuudula pomwe wakumana.

"Mukundiyeza chonchi, mwapeza wondigula?" ankatero mayiwo.

"Angakugule ndani iwe? Khala phee."

Ulusiwo ankaumata pakatoni mondondoza masiku. Patatha milungu isanu ndi umodzi, anainyamula katoniyo Lolemba, ali ndi akazi awo, n'kukaiyala patebulo pa dokotala wa mtima.

"Adokotala, pepani, ine sukulu ndinalekera panjira. Waufupiwu ndi wa masiku a mankhwala anu. Wautaliwu ndi wa anzanu apansi aja. Koma mwendo ndi umodzi. Kuntchito kwathu nsapato siitha ngati wina akusoka, wina akumasula."

Dokotalayo anayang'ana ulusiwo nthawi yaitali. Kenako anatenga cholembera, nati amulembera mnzake wa impso uja kalata.

"Mwalemberana zokwanira," anatero a Chidendene, mawu ali pansi. "Masitepe alipo makumi awiri ndi awiri, ndinawerenga. Mayiwa amapumula katatu pokwera. Inu simupumula n'kamodzi komwe. Ife tikhala pabenchipo mpaka mutsike."

Anakhaladi, mpaka odwala onse anatha. Masana dokotala uja anatuluka, katoni ili m'khwapa, n'kutsika.

Lachinayi lake anawapeza madokotala onse awiri m'chipinda chimodzi. Anatsutsana pamaso pawo, uyu akuloza za magazi, uyu akuloza ulusi, mpaka anagwirizana mlingo umodzi wa mapiritsi. Wa impso anamatula ulusi umodzi wapakatikati n'kuwapatsa a Chidendene.

"Bambo, musasiye kuyeza. Ukapitirira uwu, bwerani tsiku lomwelo, mutiitanitse tonse."

Madokotala sanawanamize: matendawa sachirika, amangosamalidwa. A Chidendene anamva, ndipo mpaka lero sanaphonyepo kuyeza m'mawa.

Tsiku lina, mwezi utatha, anagwada ndi ulusi wawo monga mwa masiku onse. Anapeza mapazi ali kale m'nsapato zakuda zija.

"Ulusiwo udikire kaye, bambo," anatero akazi awo. "Ndimangireni zingwe."

Munthu wosoka nsapato zaka makumi atatu, mfundo inamukanika kawiri.