Mbandakucha wa ba Tisauke

Ndikakumbukira ba Tisauke, ndimamva fungo la mafuta otentha ndi utsi wa makala onyowa. Anali mayi wachikulire wa khomo loyandikana ndi lathu ku Chawama, ndipo ankakazinga vitumbuwa kunja kusanache, maminibasi asanayambe phokoso lawo kumsewu. Ine ndinkadutsa pomwepo ndi chigubu popita kumzere wa madzi. Chitumbuwa chopserera chinkakhala changa, n'chifukwa chake sindinkachedwa kudzuka.

Tsiku lina ndinadzitama kuti kusukulu taphunzira mawu akuti "dawn", omwe aphunzitsi anati anachokera ku mawu akale a Chingerezi otanthauza kusanduka usana.

"Liu imozi chabe?" anaseka. "Bazungu bamauka mochedwa. Nkala pansi."

Anayamba kunditchulira m'mene kumachera: nthanda kuzilala, kamphepo koluma m'miyendo, kum'mawa kufiira, mpaka pamene munthu amazindikira nkhope ya mnzake. Chilichonse ankachitchula chitangotsala pang'ono, ndipo ndikakweza maso chinkachitikadi pamwamba pa malata. Ndinaganiza kuti thambo limawamvera.

Kenako ndinaona dzanja lawo likupapasa supuni imene inali patsogolo pawo penipeni.

"Ambuya, simuona?"

"Osauza muntu," ananong'ona. "Mwana wanga akaziba, azanipeleka ku Katete nikankale chabe pa mpasa monga katundu."

Mwana wawoyo, ba Yohane, anamva mphekesera. Loweruka lina anafika m'mamawa, naima pafupi ndi mbaula, n'kuwafunsa ngati kwayera. Ine ndinakumbatira chigubu changa. Mayiwo anatembenuza chitumbuwa mosafulumira, nakweza nkhope.

"Kukalibe. Kwafiila chabe pansi, kuseli kwa nyumba ya ba Mulenga."

Zinali momwemo. Ba Yohane anayang'ana kum'mawa nthawi yaitali, anadya vitumbuwa viwiri, nabwerera okha.

Nditawafunsa ba Tisauke m'mene anadziwira, anati mbalame za pa waya zimayamba kulira imodzi imodzi, fumbi limasintha fungo mame akagwa, ndipo chipumi chimamva kuwala maso asanakuone. Ndayesera kambirimbiri nditatsinzina, koma ndimalephera, ndipo mpaka pano ndimawagomera.

Anakazinga pakhomo pawo pomwepo mpaka chaka chimene anatisiya. Chinsinsi chawo ndachisunga zaka zonsezi, ngakhale amayi anga sindinawauze. Ndikuchiulula lero chifukwa palibenso amene angawanyamule kupita nawo ku Katete.