Mbale Yabuluu ya Bwanamkubwa

"Ndiye inu alamu mukuti tizimugwadira mwanayu kuti adye?"

Amuna a achemwali anga anandifunsa choncho akuseka, supuni ili m'manja. Amayi awo, amene anabwera kudzacheza sabata imeneyo, anali atakhala pampando wapafupi ndi chitseko.

"Sindinati mugwade. Ndati musamutsine mphuno."

"Zakunja zimenezo," anatero amayiwo. "Mwana umamupana m'miyendo, n'kumutsina mphuno, pakamwa pamatseguka pokha. Onse anga anakula choncho."

Achemwali ankangopukuta tebulo loyera kale.

Achemwali anga ndi wophika pasukulu ya mkaka. Amadzuka kusanache, amakaphikira ana a eni, ndipo mbale zimabwerera kukhitchini zonyambitidwa. Koma wawo wazaka zitatu, amene tonse timamutcha Bwanamkubwa, amadya chinthu chimodzi basi: mpunga woyera wopanda msuzi, m'mbale yapulasitiki yabuluu ya zigawo zitatu. M'mawa mpunga, masana mpunga, madzulo mpunga. Msuzi ukangokhudza, pakamwa amakhoma loko. Kuntchito anzawo amawaseka kuti amaphikira dziko lonse koma wawo yemwe akuwakanika.

Komatu achemwali anali ndi njira yawo. M'kagawo kakang'ono ka mbaleyo ankaikamo kachidutswa kamodzi ka karoti, n'kutembenuka kumatsuka mapoto, osamuyang'ana. Kwa miyezi kachidutswako kankatayidwa. Masiku amenewo mwana anali atayamba kukanyambita.

"Taonani mmene timachitira kuno," anatero alamu.

Anathira msuzi wa nyama pampunga wonse. Mwana anakuwa n'kudzipinda. Agogo ake anamupana m'miyendo, chala pamphuno, supuni m'kamwa. Anameza, kenako n'kuwasanzira pasiketi. Alamu anaponya mbaleyo pansi n'kuiponda ndi nsapato. Inasweka pawiri.

"Ndipita naye Lamlungu," anatero agogowo akudzipukuta. "Pobwera azidzadya ndi miyala yomwe. Mayi wake wamulekerera."

Ndinaimirira. "Ngakhale galu sadyetsedwa choncho."

"Alamu, mwatha zaka mukutsuka mbale za eni kunjako, ndiye mwabwera katswiri wolera ana? Berekani wanu kaye."

Ndinatuluka osatsanzika. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti achemwali anagwada n'kumatola zidutswazo ngati wolakwa ndi iwo. Nditafika kunyumba kwanga ndinayang'ana sutikesi yomwe sindinaimasule chibwerereni, n'kunena kuti ndibwerere kunja basi, kuno anthu samva.

Mawa lake ndinamva kuti mwana anakana ndi mpunga womwe. Anamupakulira m'mbale yachitsulo, anaikankha. M'kapu, anaikankha. Ankangomwa madzi, maso ali pakabati pamene mbale yake inkakhala.

Loweruka m'mawa ndinamva kugogoda. Anali achemwali, Bwanamkubwa ali kumsana, dzanja lina chikwama, lina kapoto kawo ka mpunga.

"Suntha chisutikesi chakocho, tigona pano."

"Alamu akudziwa?"

"Adziwa akamva njala." Anamutsitsa mwana pabedi langa. Mawu awo anali otsika koma ouma. "Ana a eni ndimawadikira mpaka adye, sinditsina mphuno ya mwana wa munthu. Ndiye wanga akamutsine kwa agogo ake? Apongozi akwere basi okha."

Sutikesi ndinaikankhira pansi pa bedi n'kupita kumsika. Wogulitsa woyamba anali ndi zobiriwira ndi zofiira.

"Mbale ndi mbale, achimwene."

"Kwa inu."

Wachiwiri anali ndi yabuluu koma ya zigawo ziwiri, ndipo anandiumirira kuti mwana sadziwa kuwerenga. Ndinamuuza kuti sakumudziwa mwanayo. Ndinaipeza kumapeto kwenikweni kwa mzere, pansi pa mabeseni, ili ndi fumbi: yabuluu, zigawo zitatu. Sindinanenerere mtengo. Potuluka pachipata ndinagula karoti mmodzi, mayi wogulitsayo akundiyang'ana ngati wopenga, n'kumuika m'thumba la malaya. Mbaleyo ndinaipanira m'khwapa mpaka kunyumba.