Tsiku Limene Amayi Anakama Mbuzi ya Azakhali

Ndikukumbukira chaka chimene mng'ono wanga Esinati anatupa miyendo, tili kwathu kwa Tengani. Tsitsi lake linafiira, kulira komwe kunali kwa mphwayi. Azakhali, alongo awo a bambo, anagamula okha mlandu: ati ndi tsempho, amayi anayenda njira zosayenera bambo ali kodula nzimbe. Nkhaniyo inafika mpaka pamjigo, moti amayi akatulukira ndi ndowa, onse ankangoti zii. Zinkandipweteka koopsa.

Amayi anabereka mwana ulendo wa kuchipatala, komwe anampatsa mankhwala, ndipo alangizi anawauza kuti phala la mapira lokha silimanga thupi. Pafunika nsinjiro, masamba, ngakhale mkaka. Anabwerako atamanga timbewu pansonga ya chitenje.

Tinalima kadimba kuseri kwa nyumba, dzuwa likuswa mtengo, dothi likuwotcha mapazi. Tinakatchinga ndi bango, n'kumakathirira ngakhale madzi otsukira mbale. Mpiru ndi bonongwe zinabiriwira, fungo la dothi lonyowa lili guu.

Koma kwathu anthu akakolola amatayirira ziweto, ndipo mbuzi ikakudyera mbewu nyengo imeneyo palibe mlandu. M'mawa wina tinapeza mbuzi yoyamwitsa ya azakhali ili m'kadimba kathu kaja, mpiru wonse psiti. Ine ndinayamba kulira. Amayi anangoigwira mwendo, n'kundiuza kuti ndisiye zolirazo ndigwire nyanga. Anayamba kuikamira m'kapu. Pamudzipo panalibe wokama mbuzi, ndiye anthu anaunjikana, kuseka mpaka kugwira nthiti. Azakhali anafika wefuwefu.

"Mlamu, mwapenga kodi?"

"Yadya ndiwo za mwana wanga, ibweze. Paja munati ndamudwalitsa ndine. Ndisiyeni ndimuchiritse ndekha."

Mkakawo anauwiritsa n'kuthira m'phala. Mawa lake anaikamanso, mkuja chimodzimodzi, azakhali akungolalata chapatali. Tinabzalanso mpiru, mpanda tinaukuta ndi minga. Miyendo ya Esinati inaphwa pang'onopang'ono, ndipo mvula isanagwe anali akuthamangitsa yekha tiana ta mbuzi ija. Azakhali sanapepese, ayi ndithu. Tinkangoipeza mbuziyo m'mawa itamangidwa kale pamtengo wa pakhomo pathu.

Masiku ano madimba a pakhomo ali mbwee, ndipo mabungwe akamagawa mbuzi zamkaka anthu amaimba n'kululutira. Ine ndimangoseka ndikaona ena mwa olulutirawo, poti nkhope zawo ndikuzidziwa. Esinati ali ndi ana ake tsopano, onenepa bwino. Ukafuna kuti akupirikitse pakhomo pake, katchule mawu oti tsempho.