Ndakatulo Imodzi ya Maliro Onse

Malachy Durkan anali wapositi pamudzi wina ku Mayo, koma mukamufunsa ntchito ankati ndi mlakatuli. Pa zaka makumi anayi analemba ndakatulo imodzi yokha, ya mizere isanu ndi itatu. Munthu akamwalira, Malachy ankafufuta dzina lakale, n'kuikapo latsopano, n'kukailakatula kumanda chipewa chili pachifuwa. Woweta nkhosa, mphunzitsi, ngakhale chidakwa china chimene chinagwera m'ngalande, onse anali "nyali ya pazenera imene mphepo yazimitsa." Anthu ankangotsinana. Ankati kufa si vuto, vuto ndi Malachy.

Wotsogolera kumuseka anali mkazi wake, Concepta. "Ine ndikadzafa, bambo, mudzangondithira dothi basi. Nyali yanuyo yazima mokwanira."

Concepta anamwaliradi mu Febuluwale, ali mkati mosenda mbatatesi. Ndipo Malachy anamumvera, koyamba chikwatiraneni. Kumanda sanatsegule pakamwa. Anthu amene anakhala zaka akupempherera bata limeneli anabwerera kwawo manja ali m'khosi.

Misozi nayo sinatuluke. Anasiya kumeta ndevu, anasiya kutuluka panja, ndipo chakudya chimene anansi ankabweretsa ankapatsa galu. Galuyo ananenepa, mwini wake akungotha ngati sopo. Zinali zomvetsa chisoni, ndipo aliyense ankaona kumene zinkalowera.

Utatha mwezi kunali Misa yokumbukira malemu, kenako tiyi ndi masangweji m'holo ya parishi. Attracta Lavelle, mayi wamasiye amene pakamwa pake sipankatera ntchentche, anagogoda kapu ndi supuni.

"A Durkan, amuna anga munawatcha nyali pomwe anali mdima wandiweyani. Nanga Concepta walakwanji?"

Malachy anayankha chapansipansi kuti malemu anakaniza okha.

"Anakaniza inu. Ife sanatiuze kanthu."

Attracta ananena mzere woyamba. Wogulitsa nyama analandira wachiwiri. Pofika wachinayi holo yonse inali kulakatula pamodzi, poti panalibe nyumba imene ndakatuloyo sinalowemo, ndipo akatswiri oiseka pamsewu aja anali ataisunga m'mabuku awo a mapemphero. Atafika pamalo paja poika dzina, onse analekezera pomwepo, kudikira Malachy.

Malachy analitchula yekha. Kenako analira mpaka tiyi wa aliyense anazizira.