Mimba ya Dolika

Dolika Mbewe ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde la sitolo ina ku Kapata. Amuna ake, a Shepherd, ankagwira ntchito kumigodi ku Solwezi, ndipo panali patatha chaka ndi theka asanabwereko.

Ndiye mimba yake itayamba kutuluka, anthu sanachedwe kuwerenga miyezi. Inkakulira kumanzere, kunsi kwa nthiti, yolimba gwa. Akadya mbatata imodzi, wakhuta. Akapalasa makina pang'ono, wefuwefu. Koma zimenezo ankaziona ndani?

Kukwaya ya kutchalitchi anamuuza kuti ayambe wapuma. Makasitomala ena anadzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Tsiku lina masana apongozi ake, amayi Edita, anangoti mbwe patsogolo pa makina.

"Ndi ya yani?"

"Amama, si mwana uyu. Ndikudwala ine."

"Ndabereka asanu ndi awiri. Usandiphunzitse mimba."

Tsiku lomwelo anamuimbira foni mwana wawo.

Dolika anapita kuchipatala yekha. Adokotala atamuunika anati, "Mulibe mwana muno, mayi. Ndi kapamba watupa. Malungo mumadwala kawirikawiri?"

Dolika anakulira m'mbali mwa dambo kufupi ndi Tamanda, kumene malungo ankamugwetsa dzinja lililonse, mpaka anasiya kuwayesa matenda. Adokotala anafotokoza kuti kapamba ndiye amasefa magazi. Wakeyo anakula polimbana ndi malungo zaka zonsezo, ndipo tsopano ankawononga ndi magazi abwino omwe. Anamupatsa mankhwala oti amwe miyezi yambiri, n'kumuchenjeza kuti asagwe kapena kugundidwa pamimba, kapamba angaphulike.

Ali pageti pachipatala pomwepo, anajambula ndi foni chikalata cha zotsatira chimene adokotala anamupatsa, n'kutumiza kwa amuna ake. Yankho linabwera patatha masiku atatu: "Ndaona. Koma anthu alankhula kale."

Analira, kenako anabwerera pamakina, poti sukulu zinali pafupi kutsegulidwa.

Mankhwala anagwira. Pofika nthawi yokolola mimba inali itaphwa, ndipo Dolika ankatha kukwera kamtunda ka kwawo osapumira panjira. Anayesa kuti nkhani yatha. Koma m'mawa wina ali pampope, anamva mayi wina kumbuyo kwake akunong'oneza mnzake kuti, "Wachotsa."

A Shepherd sanabwerebe. Amayi Edita akakumana ndi Dolika pamsika amamuyankha moni maso ali kumbali, ngakhale sabata yatha anatumiza mbale ya nshawa kudzera mwa mnansi, popanda mawu alionse.