Ababa ndi Belu la pa Wailesi

Ababa anagwira ntchito ya njanji pa Nkaya mpaka mutu unayera. Ntchito yolembedwa inali yotembenuza njanji kuti sitima ilowere koyenera, koma imene iwo ankaikonda inali ina: kufunsidwa. Aliyense wotsika sitima ankawapeza ataima ndi mbendera m'manja, n'kuwafunsa kuti ya ku Nayuchi ibwera liti, ya ku Balaka yadutsa kale kapena ayi. Nyuzipepala zimene apaulendo ankataya, ngakhale zokulungira mandasi, ababa ankaziwongola pabondo n'kuziwerenga mpaka pomwe mafuta anafufuta zilembo. Mutu wawo unadzaza ngati nkhokwe ya chaka chamvula, kungoti zodzazamo zake zinali zosadyeka.

Atapuma pantchito, anthu analeka kuwafunsa. Ndiye anayamba kufunsa iwo.

Tinazunzika ndife a m'nyumba. Ine ndinkagulitsa nsalu m'sitolo ina ku Liwonde, ndipo ndinkabwera kumudzi Loweruka lililonse. Ndisanatule n'chikwama chomwe, funso linali litafika kale: mtsinje wautali kuposa yonse mu Afirika ndi uti? Mayi wina wogulitsa matemba anasiya kudutsa pakhomo pathu, chifukwa tsiku lina ababa anamuimika padzuwa, dengu lili kumutu, mpaka atavomera kuti gitala ali ndi nsambo zisanu ndi imodzi. Amayi okha ndiwo anali ndi mankhwala ake. Ababa ankakonda kuwafunsa kuti nsanja yachitsulo yotchuka ija ya ku Ulaya ili mumzinda uti, ndipo amayi ankayankha chimodzimodzi masiku onse: "Ili komwe ili. Sambani m'manja."

Munthu mmodzi yekha ankawakonda mafunsowo. Anali mnzawo wa bawo, telala wachisilamu wa kwa Mposa, amene ankasoka pakhonde la golosale ina pamsika. Iye anali ndi yankho limodzi la mafunso onse.

"Achimwene, nyimbo za rege zinayambira kuti?"

"Ku Joni."

"Nanga khoma lalitali lija, loyenda m'mapiri?"

"Limenelo ndiye la ku Joni kumene. Mlamu wanga analiona."

Tsiku lina ababa anafunsa kuti mpira wa dziko lonse unaseweredwa m'dziko liti pamene unabwera koyamba mu Afirika. Telala anati ku Joni, ndipo anakhoza. Anakondwa sabata yathunthu, anasokera anthu zigamba zaulere, n'kumauza aliyense kuti kuleza mtima kumapindula.

Ndi telala yemweyu amene anatibweretsera tsoka. Pamsomali wa pakhonde pake pankapachikika kawailesi, ndipo Loweruka masana pankakhala pulogalamu ya mafunso. Munthu ankaimba foni, muulutsi n'kumufunsa mafunso atatu, ndipo onse atatu ayankhidwe m'mphindi imodzi belu lisanalire. Wopambana ankalandira wailesi yoyendera dzuwa. Ababa ankayankha muulutsi asanamalize n'komwe funso, kenako n'kumatukwana oimbawo kuti sukulu anangokadyako phala.

"Kutsutsa galu n'kukumba, achimwene," anatero telala. "Imbani tikumveni."

Anaimba pa foni yanga. Mwamwayi inalowa.

"Tili ndi bambo a ku Nkaya!" anatero muulutsi. Anali mnyamata wa pakamwa pothamanga. "Funso loyamba: dziko lino lisanatchedwe Malawi linkatchedwa chiyani? Nthawi yayamba!"

Ababa anavula chipewa.

"Zikomo kwambiri. Mwaswera bwanji, bambo?"

"Taswera bwino, yankho lanu?"

"Ifenso taswera. Kaya kunyumba?"

"Kunyumba kuli bwino, bambo, nthawi ikutha!"

"Tithokoze Mulungu. Nanga ana? Kunoko ndiye dzuwa latiwamba, chimanga chayamba kupota masamba, kaya kwanuko..."

Belu linalira.

Ndikunena zoona, ababa sanamvetse chimene chinachitika. Anayang'ana foni, anayang'ana ine, n'kunena kuti mnyamatayo wadula asanamve yankho. Ndinawafotokozera kuti mphindi ija anaidya ndi moni. Anati n'zosatheka, moni sawerengera nthawi. Kwa iwo kuyankha munthu usanamufunse mmene wadzukira kunali ngati kulowa m'nyumba ya eni pawindo.

Kachiwiri anakonzeka kuti afupikitsa. Koma muulutsi analakwitsa yekha, pakamwa panaterereka, anati, "Muli bwanji bambo a ku Nkaya?" Munthu wafunsa, ndiye umubisire? Dziko lonse linamva za bondo la ababa, za chimfine cha amayi, ndi za mbuzi yathu imene inabereka mapasa koma mmodzi sakuyamwa. Belu linawapeza ali pa mbuzi. Kachitatu anapereka moni wachidule ndithu, ine mpaka ndinawomba m'manja, koma anakumbukira kuti muulutsi sakhala yekha m'menemo. Anayamba kupereka moni kwa anzake ogwira nawo ntchito, kuphatikizapo woliza belu. Woliza beluyo anayankha ndi belu.

Pa Nkaya nkhani sigona. Anyamata a kabaza anawapatsa dzina loti a Kaya-kunyumba. Ababa akamadutsa pamsika, mmodzi ankafuula kuti, "Kaya kunyumba!" ndipo onse ankaliza mabelu a njinga, ngiri ngiri ngiri, mpaka ababa atakhota. Poyamba nanenso ndinkaseka, ndisaname. Koma Loweruka lina ndinafika kunyumba, ndinatula chikwama, ndinamwa madzi, ndinakhala pansi, ndipo palibe amene anandifunsa za mtsinje uliwonse. Ababa anali kuseri kwa nyumba, atangokhala. Kumsika anali atasiya kupita, bawo atasiya, kabuku kawo ka mafunso kali pawindo kakuchita fumbi. Mayi wa matemba anayambanso kudutsa pakhomo mosaopa.

"Nyumba yazizira," anatero amayi, omwe aja ankadandaula za phokoso.

Zinandipweteka kwambiri. Munthu amene anali ndi chinthu chimodzi chokha chonyadira anali atachibisa chifukwa cha manyazi. Ndinaona kuti akapanda kupambana kamodzi kokha, anthu onse akumva, ababa aja sitidzawaonanso. Choncho ine, mwana wobadwa bwino, woleredwa ndi mwambo, ndinaganiza zophunzitsa bambo anga mwano.

Sukulu yake inkachitika Lamulungu tikachoka ku Misa. Amayi ankawerenga mafunso m'kabuku kaja, ine ndinkagwira khasu lakutha ndi supuni m'malo mwa belu, telala n'kukhala woyang'anira.

"Phiri lalitali mu Afirika?"

"Kilimanjaro," ankatero ababa, kenako chapansipansi, "mwaswera bwanji."

"Ndamva!" ankafuula telala. "Walayi ndamva! Mbewa yamanyazi inafera kuuna, achimwene. Bwerezani."

Telala anabwera ndi nzeru yoti moniwo aziperekeratu m'mawa, kuti pofika masana akhale atathana nawo. Ababa anayesa. Anaima kutsogolo kwa wailesi, chipewa m'manja, n'kuifunsa za kunyumba ndi za ana. Wailesi inali pakati pofotokoza za mbozi za m'chimanga, ndipo inapitiriza za mbozizo. Ababa anati moni wosayankhidwa si moni, ndi misala.

Amene anatulukira gwero la matendawa ndi amayi. Anati tiyang'ane dzanja. Nthawi zonse dzanja linkayamba lapita kuchipewa, ndipo chipewa chikangochoka kumutu, moni ankatuluka yekha. Telala sanachedwe. Anatenga chipewacho n'kuchisokerera kalamba komanga kuchibwano, konga ka zipewa za makanda. Ababa atachivala ankaoneka ngati akupita ku sikelo, koma chinagwira ntchito. Dzanja linkakwera, n'kupeza chipewa chakana, ndipo pakamwa pankatuluka Zomba, Nailo, Iguputo, popanda za ana. Tinapangana kuti ayankhe kaye atatu onse, moni apereka pambuyo, ngakhale mpaka dzuwa kulowa.

"Moni sawola, ababa," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati ndanena zotukwana, koma anavomera.

Loweruka lake pakhonde la telala panadzaza. A kabaza anaimika njinga, ogulitsa nsomba anasiya malo awo, ngakhale amayi anabwera, ati kudzagula mchere. Sabata yapitayo pulogalamu anayendetsa munthu wina, koma tsikuli mnyamata uja anali atabwerera. Mawu ake anali osasa. Poyamba penipeni anapepesa kuti sanamveke sabata yatha chifukwa anali kumudzi kukaika mayi ake. Ananena mwachidule, n'kuika nyimbo, kenako mafoni anayamba kulowa. Oimba anayi kapena asanu anadutsa, aliyense ndi mayankho ake othamanga. Ife tinkaimba pa mafoni atatu nthawi imodzi, ndipo inalowa ndi yanga.

"Bambo a ku Nkaya, mwabweranso! Funso loyamba: nyimbo za rege zinayambira m'dziko liti? Nthawi yayamba!"

"Ku Joni," ananong'ona telala.

"Jamaika!" anatero ababa.

Anthu anayang'anana. Dzanja linakwera, kalamba kanagwira.

"Mwakhoza! Lachiwiri: likulu la dziko lino lisanapite ku Lilongwe linali kuti?"

"Zomba!"

Mayi wina wa nsomba anayamba nthungululu, anzake anamutseka pakamwa. Thukuta linali kutsika m'masaya mwa ababa n'kumanyowetsa kalamba kaja. Nthawi inali isanathe ngakhale theka.

"Lomaliza, bambo, wailesi ija ikhale yanu. Njanji yochokera ku Limbe imakumana pati ndi njanji yopita ku Nayuchi?"

Pamene tinaimapo, mphambano ya njanjiyo tinkaiona ndi maso. Ababa anaitembenuza ndi manja awo zaka zonse zija. Khonde lonse linayamba kunong'ona, kenako kufuula: "Nkaya! Nkaya!" Ngakhale telala anaiwala za ku Joni.

Ndinaona dzanja la ababa likukwera, koma ulendo uno silinapite kuchipewa. Linapita kuchibwano. Anamasula kalamba kaja pang'onopang'ono, anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa.

"Mwana wanga," anatero, "funso lanu ndalimva. Koma ndamvanso zija munanena poyamba. Pepani kwambiri ndi zovuta zakugweranizo. Mayi anadwala nthawi yaitali?"

"Ababa!" ndinakuwa.

Anandikwezera dzanja kuti nditonthole. "Nanga kumudziko mwawasiya bwanji? Bambo alipo?"

Mu wailesi munali zii. Belu linalira, lalitali, ndipo litatha munalinso zii. Anthu anaganiza kuti mabatire atha. Kenako mawu anamveka, osathamanga ngati kale.

"Anadwala sabata imodzi yokha, bambo. Bambo anga anatsogola kale." Anatero muulutsi. "Zikomo. Zikomo kwambiri."

Kenako anangoika nyimbo. Wailesi yoyendera dzuwa inapita kwa munthu wina wa kutali, amene anayankha kuti Nkaya atangofunsidwa, mwina asanapondepo n'komwe.

Pobwerera tinadzera m'mbali mwa njanji, ababa patsogolo, ine pambuyo nditafufuma ndi mkwiyo. Masabata onse aja ndikumenya khasu ndi supuni!

"Ababa, liwu limodzi lokha. Nkaya. Mukanatero, kenako n'kupepesa mmene mungafunire."

"Ndiye kuti nditenge kaye wailesi, ndikatero ndimufunse za mayi ake?" Sanatembenuke. "Nkaya ili pompano, mwanawe. Mawa ndiipeza pompano. Mnyamata uja waika mayi ake, wanena pamaso pa dziko lonse, ndipo anthu akumuimbira kumuuza mayina a mapiri. Maliro n'kulirana."

Nanenso mawu aja ndinawamva, ndipo chimene ndinaganiza nthawi imeneyo chinali chakuti afulumire, netiweki ingathawe. Ndinachita manyazi kwambiri.

Kumbuyo kwathu kunamveka njinga. Anali mmodzi wa a kabaza aja, wapakamwa kuposa onse, atanyamula mayi wina ndi thumba la makala. Ndinaona chala chake chili pabelu, ndipo ndinakonzeka kumutukwana. Anatiyandikira, anachotsa chala, n'kutsitsa phazi pansi.

"Mwaswera bwanji, madala?"

Analakwitsa. Ababa anamuyankha zonse, kuyambira bondo mpaka mbuzi, namufunsa za kwawo, nafunsanso mayi anali pambuyoyo za kwawo. Mnyamatayo atati azipalasa, ababa anagwira handulo.

"Taima kaye. Gule wa beni, amene amavala ngati asilikali uja, anatengera kwa ndani?"

Ndinawasiya pomwepo, mayi wa makala akudandaula kuti achedwa, ine misozi ikulengeza ngati chitsiru.

Madzulo ake amayi anabweretsa madzi m'beseni n'kugwada pambali pa ababa. Ababa anali atavalanso chipewa, kalamba kakulendewera. Anawayang'ana amayi, anakhosomola pang'ono, ndipo ndinadziwa chimene chikubwera.

"Mayi a mwana, nsanja yachitsulo ija ya ku Ulaya ili mumzinda uti?"

Amayi sanadzutse n'komwe mutu.

"Ku Parisi," anatero. "Sambani m'manja."